Wopalasa Bwato ndi Kawotchi ka GPS

 Nthawi ya zamasewera imathera pa mpira, ndipo palibe cholakwika, koma lero tichokeko pabwalo, titsikire kumadzi. Nkhani yathu ndi ya anthu opalasa mabwato pa mpikisano, ndi kachipangizo ka GPS kamene masiku ano sasiyana nako akamakonzekera.

Ndikamati bwato la mpikisano musaganize za bwato lathu lija losema ku mtengo. Ndi kabwato kowonda kwambiri kotchedwa kayak, kopepuka moti munthu amakanyamula ndi dzanja limodzi. Pa Olimpiki, ka munthu mmodzi sikapitirira mamita 5.2 m'litali, ndipo kulemera kwake sikuloledwa kutsika pansi pa makilogalamu 12. Wopalasa amakhala pansi, miyendo kutsogolo, nkhafi yake ili ndi mitu iwiri, n'kumaviika kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere. Akatswiri aamuna amamaliza mamita 1,000 pa mphindi pafupifupi zitatu ndi theka, kutanthauza liwiro la makilomita 17 pa ola, ndi manja okha. Mayi wa ku New Zealand, Lisa Carrington, ali ndi mendulo 8 zagolide za Olimpiki m'masewera amenewa. Kuno kum'mwera kwa Africa, Bridgitte Hartley wa ku South Africa anakhala wachitatu pa mamita 500 ku London mu 2012.

Vuto la munthu wopalasa, kuyambira kalekale, ndi loti madzi sasunga chizindikiro. Wothamanga ali ndi bwalo lake la mamita 400, poyambira ndi pomalizira pali pomwepo chaka ndi chaka. Koma pamadzi, bwato likangodutsa, mzere umene lasiya umafafanizika. Kale opalasa ankadalira mlatho, mtengo wa m'mphepete kapena mwala woonekera, n'kumawerenga nthawi kuchokera pa chizindikiro china kufika pa chinzake. Asodzi athu a utaka akulidziwa luso limeneli, poti nawonso amalunjikitsa phiri ndi mtengo kuti abwerere pa chirundu chawo. Mphunzitsi ankapalasa njinga m'mbali mwa mtsinje, wotchi ili m'manja, akukuwa. Koma pakati pa mlatho ndi mtengo paja, wopalasa ankangodalira zimene thupi likumuuza, ndipo thupi limanama. Munthu akatopa amamva ngati akuuluka, chifukwa mpweya ukubanika ndipo mapewa akuyaka moto, chonsecho bwato layamba kale kufooka.

Mpata umenewu ndi umene GPS inabwera kudzatseka. Masetilaiti ake ndi a boma la America, ndipo poyamba anapangira asilikali. Yoyamba inatumizidwa m'mlengalenga mu 1978. Amayenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi pano, iliyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku, ndipo pamafunika osachepera 24 kuti kulikonse kumene munthu ali, angapo akhale pamwamba pake. Setilaiti iliyonse imalengeza zinthu ziwiri mosalekeza: pamene ili, ndi nthawi. Kawotchi kakamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo, kamawerengera nthawi imene uthenga uliwonse watenga kuti ufike, n'kudziwa pamene kali. Kwa zaka zambiri uthenga wa anthu wamba ankausokoneza dala, moti kachipangizo kankatha kuphonya ndi mamita 100. Mu Meyi 2000 Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti kusokonezako kuthe, ndipo kuphonya kuja kunatsika kufika pa mamita ochepa. Mu 2003 kampani ya Garmin inatulutsa wotchi ya Forerunner, yopangira othamanga, ndipo opalasa sanachedwe kuibwereka. Mawotchi a lero amamvanso masetilaiti a Galileo a ku Ulaya, GLONASS a ku Russia ndi BeiDou a ku China.

Nanga wopalasa amapindula chiyani kwenikweni? Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu ake ndi a ku pulayimale. Bwato likamayenda makilomita 12 pa ola, ndiye kuti mphindi iliyonse likudutsa mamita 200. Ngati wopalasa akuviika nkhafi ka 80 pa mphindi, kuviika kulikonse kukumupatsa mamita awiri ndi theka. Tsopano atope, kapena mtima upsere poona mnzake akumupitirira, ayambe kupalasa mwaphuma, ka 90 pa mphindi. Akayang'ana pa wotchi n'kupeza kuti liwiro likadali pa 12 pomwe paja, mlandu wake wadziwika: kuviika kulikonse tsopano kukumupatsa mamita 2.2 okha. Nkhafi yasiya kugwira madzi, ikungowamenya pamwamba. Manja achuluka ntchito, bwato silinapindule kanthu. Mawotchi ena a masiku ano amawerenga okha kuviika kwa nkhafi, ndipo pali tizipangizo tina, monga ka Vaaka ka ku New Zealand, timene amamangirira pa nkhafi penipenipo.

Kwa ine, phindu lenileni la GPS lagona pamenepa. Nambala yofunika kwambiri si liwiro lokha ayi, koma mtunda umene bwato limayenda nkhafi ikaviikidwa kamodzi. Wopalasa waluso sapalasa ndi mikono yokha. Amabaya nkhafi patsogolo, pafupi ndi mapazi, amakankha ndi mwendo, amapotoza chiuno ndi msana, n'kuizula nkhafi isanadutse m'chiuno. Mphunzitsi angathe kumufotokozera zimenezi chaka chathunthu, mwana akungogwedeza mutu. Koma tsiku limene mwanayo apotoza chiuno bwino n'kuona nambala ikukwera pamaso pake popanda kuwonjezera mphamvu, phunzirolo limalowa m'thupi, ndipo saliiwalanso. Ndi umboni umene mphunzitsi ankausowa.

Palinso chifukwa china chimene kusintha pang'ono kwa nambala kumafunikira. Madzi amakaniza bwato kwambiri liwiro likamakwera. Kuti muwonjezere liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo 10, mphamvu imene mukufunika kutulutsa imakwera pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Choncho kuchoka pa makilomita 12 pa ola kufika pa 12.5, kumene kumamveka ngati kanthu kochepa, kwa katswiri ndi thukuta la miyezi. Diso silingaone kusiyana kotere. Wotchi imakuona, bola munthu azisunga zolemba zake sabata ndi sabata. Ndi njira yomweyonso imene opalasa amayesera nkhafi ziwiri zosiyana kutalika, kapena kudziwa kuti pa bwato la anthu awiri ndani ayenera kukhala kutsogolo.

Koma mundimvetse bwino, omvera anzanga, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokera. GPS sidziwa kuti muli pamadzi. Imayeza liwiro lanu poyerekeza ndi nthaka, pamene inu mukulimbana ndi madzi, ndipo madzi amayenda. Tiyerekeze mtsinje umene madzi ake akuyenda makilomita awiri pa ola, ndipo inu mphamvu zanu ndi za makilomita 10 pa ola. Potsika, wotchi ikuuzani 12. Pokwera, ikuuzani 8. Munthu ndi yemweyo, mphamvu ndi yomweyo. Wina anganene kuti palibe vuto, titsike ndi kukweranso, ziwirizo zifafanizana. Sizifafanizana. Makilomita anayi potsika atenga mphindi 20, makilomita anayi omwewo pokwera atenga mphindi 30. Ndiye kuti mwayenda makilomita 8 pa mphindi 50, liwiro la 9.6 pa ola, osati 10. Mtsinje umakulandani zambiri kuposa zimene unakupatsani, chifukwa mumathera nthawi yaitali kumene mukuvutika. Wopalasa wosadziwa zimenezi amabwerera kunyumba ali wokhumudwa, akuganiza kuti wafooka, pamene ndi mvula chabe imene inagwa kumtunda usiku n'kuwonjezera madzi. N'chifukwa chake makampani ena, monga Nielsen-Kellerman ya ku America, amapanganso kapulopela kakang'ono komata pansi pa bwato, kamene kamazungulira ndi madzi n'kuyeza liwiro la bwato m'madzi momwemo.

Mphepo nayo ndi chimodzimodzi. Madzi osaya amagwira bwato, limalemera ngati likukokedwa kumbuyo. Madzi ozizira amakaniza bwato kuposa ofunda. Udzu ukakola pa chiwongolero, liwiro limatsika. Zonsezi wotchi siiona, imangonena nambala. Opalasa ozindikira amaiphatikiza ndi kugunda kwa mtima, ndipo amakonda lamba womanga pachifuwa, chifukwa dzanja logwira nkhafi limapindika ndi kunyowa, choncho wotchi yapamkono imaphonya powerenga mtima. Liwiro likhale lomwelo koma mtima ukugunda pang'ono kuposa mwezi watha, ndiye kuti munthu walimba. Liwiro litsike, mtima ukwere, pa madzi a bata, ndiye kuti watopa kapena akudwala, ayenera kupuma. Pa mipikisano ya mtunda wautali, opalasa amakwera pa funde la bwato la mnzawo, kumbali kapena kumbuyo kwake, ndipo nambala ziwirizi zikaikidwa pamodzi zimaonetsa poyera mphamvu zimene munthu amasunga akakhala pamalo oyenera.

Pa mipikisano yaifupi GPS imachepa mphamvu. Mawotchi ambiri amalemba malo kamodzi pa sekondi. Akatswiri amamaliza mamita 200 m'masekondi osakwana 40, ndiye wotchi ili ndi timadontho tochepa toti iwerengere, ndipo nambala imene ikuonetsa imakhala ya masekondi angapo apitawo. Pa mtunda wotere mphunzitsi amabwererabe ku wotchi yake ya m'manja ndi zizindikiro zoyandama zoyezedwa bwino, kapena amagula zipangizo zodula zimene zimalemba kakhumi pa sekondi. Ndipo kanthu kena kochepa koma kofunika: wotchi ikakhala pamkono imayenda kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi ndi dzanja, liwiro n'kumadumphadumpha. Opalasa ambiri amaimangirira pa bwato, patsogolo pa mapazi.

Tiyeni tipite ku KwaZulu-Natal, kumene abale athu ambiri okhala ku Durban angathe kukadzionera okha. Chaka chilichonse kumachitika mpikisano wa Dusi, wochokera ku Pietermaritzburg kukafika ku Durban, makilomita pafupifupi 120 m'masiku atatu, motsata mitsinje ya Msunduzi ndi Mngeni. Unayamba mu 1951, ndipo mmodzi mwa oyambitsa anali Ian Player, amene pambuyo pake anatchuka poteteza zipembere. Dusi si kupalasa kokha. Pali malo ambiri amene munthu amatuluka m'madzi, n'kusenza bwato paphewa, n'kuthamanga nalo kudutsa mapiri. Tsiku lachitatu pali malo otchuka otchedwa Burma Road, pamene wopalasa amasankha: kusenza bwato kukwera chitunda chotopetsa, kapena kukhalabe mumtsinje n'kuzungulira. Pokonzekera, GPS imathandiza kwambiri pa funso lotere. Munthu angathe kuyesa njira zonse ziwiri, n'kukhala pansi madzulo kuona mphindi zimene iliyonse yatenga ndi mmene mtima wake unalili pomaliza. Komabe yankho la lero silikhala la mawa, chifukwa kuchuluka kwa madzi mumtsinjewo kumadalira mvula ndi madzi amene atsegulidwa ku madamu. Graeme Pope-Ellis anapambana Dusi ka 15, nthawi imene mawotchi oterewa kunalibe. Thulani Mbanjwa, amene mu 2008 anapambana pamodzi ndi Martin Dreyer n'kukhala munthu wakuda woyamba kutero, ndi Sbonelo Khwela, amene anapambana ndi Andy Birkett mu 2014, ndi ana a m'dera lomwelo. Mwala umene umabisala madzi akachuluka, njira yachidule yodutsa m'tchire, malo oterera pa chitunda, zimenezo anaziphunzira ndi mapazi awo. Palibe setilaiti imene ikanawauza.

Kunyanja yamchere nkhani imakomanso kwambiri. Kumeneko amagwiritsa ntchito bwato lalitali lotchedwa surfski, ndipo amadikirira dala tsiku la mphepo kuti ayende nayo. Ku Cape Town kuli njira yotchuka ya Miller's Run, yochokera ku Miller's Point kukafika ku Fish Hoek, makilomita pafupifupi 12, imene amaiyenda mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikalusa. Ku Hawaii kuli mpikisano wowoloka kuchokera pa chilumba cha Molokai kupita ku Oahu, makilomita opitirira 50, umene Oscar Chalupsky wa ku South Africa anapambana ka 12. M'madzi otere mphamvu si zonse. Luso ndi kukwera funde, kutsetsereka nalo, n'kudumphira pa lina lisanathe loyambalo. Mukaona mzere wa liwiro wa munthu wongoyamba kumene, umakwera ndi kugwa, kukwera ndi kugwa, chifukwa funde lililonse likamusiya amaima n'kuyambiranso. Wa katswiri sugwa kwambiri. Wophunzira akaika mizere iwiriyi pamodzi amaona kuti chimene chikumusiyanitsa ndi katswiri si liwiro lake lapamwamba, koma mmene amagwera pansi pakati pa mafunde. Mapu a ulendo amamuonetsanso ngati anayenda molunjika kapena anakhotakhota n'kudziwonjezera mtunda.

Koma onani kuti zonsezi amaziona atafika pamtunda, atauma. Ali pakati pa mafunde, maso ake ayenera kukhala pa madzi a kutsogolo kwa bwato, kufunafuna dzenje lotsatira loti alowemo. Akangoweramira wotchi, funde lapita. Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo ndikuwanena mosabisa: kachipangizoka kamagwira ntchito yabwino kwambiri munthu akamaliza kupalasa kuposa pamene akupalasa. Zimandimvetsa chisoni kuona wachinyamata amene sangathe kunena ngati wapalasa bwino asanayang'ane nambala. Mphunzitsi wanzeru amamuphimbira wotchi masiku ena, n'kumufunsa pomaliza kuti, "Ukuganiza kuti unali pa liwiro lanji?" Kenako atsegule limodzi. Mwana amene yankho lake limayandikira zoona ndi amene angadalirike pa tsiku la mpikisano, batire ikatha kapena madzi akaphimba galasi. Vuto lina ndi la mawebusaiti monga Strava, kumene anthu amaika maulendo awo kuti anzawo aone. Kulimbikitsana n'kwabwino, koma kumachititsa ena kusandutsa tsiku lililonse kukhala mpikisano. Thupi limakula pa masiku opalasa mofatsa ndi masiku opuma, ndipo munthu wochita manyazi kuonetsa nambala yotsika amadzimana masiku amenewo mpaka phewa litavulala. Wotchi yomweyo, ikagwiritsidwa ntchito bwino, ndi imene iyenera kumuletsa kuthamanga pa tsiku lofatsa.

Nanga ife kuno? Tili ndi nyanja yotalika makilomita opitirira 500, ndi ana ambirimbiri ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota, ku Nkhata Bay, amene anagwira nkhafi asanagwire pensulo. Mapewa alipo, luso lowerenga madzi lilipo. Mwana wa msodzi amadziwa mwera ndi mpoto, vuma ndi zambwe, amadziwa nthawi imene nyanja imagona ndi imene imadzuka. Chimenechi ndi chovuta kuphunzitsa, ndipo iye ali nacho kale. Chosavuta ndi nambala. Mawotchi a GPS ndi odula, zoona, koma foni yamakono iliyonse ili ndi GPS mkati mwake, ndipo GPS yokhayo sifuna netiweki kapena mayunitsi kuti iyeze mtunda. Gulu la achinyamata lokhala ndi foni imodzi, ataiika m'kathumba kosalowa madzi n'kuimanga pa bwato, lingathe kuyamba. Asankhe malo amodzi obisika ku mphepo, makilomita awiri okha, aziyesa pomwepo m'mamawa kukali bata, kamodzi pa masabata awiri. Wina akhale pamtunda aziwerenga kuviika kwa nkhafi. Alembe m'kope nthawi, mphepo ya tsikulo, bwato limene anakwera ndi nkhafi imene anagwira. Asayerekeze tsiku la mwera ndi tsiku la bata, ndipo asayerekeze nyanja ndi Shire, kumene madzi amayenda, komanso kumene ng'ona ndi mvuu si zoseweretsa. Pakatha miyezi itatu kopelo lidzayamba kunena zimene diso silinaone.

Chomaliza ndi cha moyo, ndipo ndikupempha mutchere khutu. Wotchi ya GPS imadziwa pamene muli, koma kawirikawiri siuza munthu wina. Bwato likagubuduzika pakati pa nyanja, nambala ili pamkono panu siingaitane thandizo. Ku South Africa, bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI limalimbikitsa opalasa kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa foni yotchedwa SafeTrx, imene imatumiza malo a munthu kwa opulumutsa, ndipo imeneyo imafuna netiweki ndi batire yodzaza. Opalasa a ku Miller's Run amavala jekete loyandamitsa, amadzimangirira ku bwato ndi chingwe cha kumwendo kuti mphepo isawalande bwatolo, ndipo amavala zowala kuti azioneka patali. Kwa ife, m'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka cha m'Ogasiti, nyanja imasintha msanga. Aliyense wopita kukayesa liwiro lake avale jekete, asapite yekha, ndipo asiye mawu pamtunda kuti walowera kuti ndi kuti abwera nthawi yanji.